MAU OKHAKHALA A NYIMBO ZAKALE ABWERERANSO: Malangizo kwa a ku Katete, Sinda ndi Vubwi Asanagule Makina Oimbira

MU October caka ca 2024, woimba wina wochuka wa ku America, dzina lake Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa "Noid". Anthu ambiri-mbiri m'maiko akutali anaimvera, ndipo m'kati mwake anamva anthu akuimba m'Cinyanja, pamodzi ndi gitala yolira mokhakhala ngati maceka pa mtengo wouma. Mau amenewo sanali atsopano ai. Anatengedwa m'nyimbo ya malemu Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family yochedwa "Nizakupanga Ngozi", imene inatuluka m'caka ca 1977 pa mbale ya galamafoni yochedwa "45,000 Volts". Paul Ngozi, amene dzina lake leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo, anatisiya m'caka ca 1989, koma patapita zaka 35 mau ake anamvekanso kutsidya la nyanja.

Mbiri imeneyi sinathere m'Lusaka mokha. Lero lino pa boma la Katete, pa Sinda m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, ngakhalenso ku Vubwi kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, kuli anyamata ndi atsikana amene akupanga nyimbo m'tizipinda ting'ono-ting'ono, ena ndi kompyuta, ena ndi foni cabe. Pakati pao pali ena amene atopa ndi mau osalala a makina atsopano, ndipo akufuna mau onga a nyimbo zakale: olemera, okhakhala, okhala ndi kaphokoso ka tepi kumbuyo kwake. Azungu mau otere amawacha lo-fi. Kuti awapeze, acinyamatawa amamva kwa anzao kuti ayenera kugula makina akuti-akuti, ndipo nshawa, soya kapena thonje zikangogulitsidwa, pempho limafika kwa makolo.

Apa ndi pamene nyuzi ino yaona kuti ndi bwino kuikapo mau. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa caka, ndipo ndi yomweyo imene iyenera kugula feteleza ndi zofunika za ana kusukulu. Makina ena oimbira amadya ndalama yokwanira kugula ng'ombe zingapo, cikhalireco mau amene wacinyamata akufuna angathe kupezeka ndi zipangizo zochipa, ndipo zina mwa izo ziri kale m'nyumba zathu. Tifotokoza nchito ya cipangizo ciri conse, kuti wogula adziwe coyambira ndi cimene angasiye.

GWERO LA MAU AMENEWA

Akulu-akulu amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970 akumbukira nthawi imene magulu oimba anaculuka ku Migodi ndi ku Lusaka. Kunali WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz ya ku Kitwe, ndiponso Ngozi Family. Nyimbo zao lero zimachedwa Zamrock. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo 95 mwa nyimbo 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia momwe muno, ndipo lamulo limeneli linapatsa oimba athu msika. Kampani ya Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo inali kutulutsa nyimbo zao, ndipo mbale zambiri zinali kuumbidwa ku fakitale ya Teal ku Ndola.

Koma nyumba zojambuliramo mau zinali zocepa, ndipo makina ake anali osakwanira, kotero kuti magulu ena anali kupita ku Nairobi kukajambula. Kawiri-kawiri gulu lonse linali kuimba nthawi imodzi, mau onse ndi kulowa pa tepi, ndipo wina akaphonya pang'ono kuphonyako kunali kutsala momwemo, pakuti tepi ndi nthawi zinali zodula. Oliza gitala anali kuponda ndi phazi tizipangizo tiwiri tochedwa fuzz ndi wah-wah, timene anamva kwa oimba akunja monga Jimi Hendrix. Motero kukhakhala kwa nyimbo zimenezo kunabadwa m'zinthu ziwiri: kufuna kwa oimba eni ake ndi kupereweza kwa makina.

Mbale ya Amanaz yochedwa "Africa" itiphunzitsa kanthu. Inajambulidwa ku Malachite Film Studios ku Chingola ndi kutuluka m'caka ca 1975, koma inatuluka m'mitundu iwiri: wina wa mau ouma, wina wa mau odzala ndi reverb, ndiko kulilima konga kwa m'nyumba yaikulu yopanda katundu. Nyimbo ndi zomwezo, oimba ndi omwewo, koma womvera amakhala ngati wacezera midzi iwiri yosiyana. Cipangizo cimodzi cokha cingathe kusintha nkhope ya nyimbo yonse.

Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970 cuma ca dziko cinabvuta, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kalindula ndiye anatenga bwalo. Mbale zambiri zinasweka kapena kutayika. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles yatulutsanso zambiri mwa nyimbozo, kuphatikizapo mbale za "Welcome to Zamrock!" za m'caka ca 2017, ndipo gulu la WITCH linatulutsa nyimbo zatsopano pa mbale ya "Zango" m'caka ca 2023.

MAKOLO ATHU ANAWADZIWA KALE

Wina angaganize kuti kukonda mau okhakhala ndi khalidwe lacilendo. Si tero ai. Taonani kalimba ya agogo: pa iyo amamangapo tizitsulo, mikanda kapena zotsekera mabotolo, kuti cala cikakhudza, mau aturuke ndi kunjenjemera kwake. Taonani ulimba: pa kabowo ka cikho ciri conse amamatapo kanembanemba koyera kamene kangaude amasungiramo mazira ake, ndipo ndi kameneko kamene kamacititsa ulimba kulira ngati njuci. Oliza ng'oma amamata phula pakati pa cikopa kuti mau atsike ndi kulemera, ndipo amaiwamba pa moto kuti ikwere. Banjo ya citini ca mafuta, ya nsambo za waya, siifanana ndi gitala ya m'sitolo, komabe anthu amabvina nayo usiku wonse.

Zonsezi ndi nzeru zosinthira mau, ndipo nchito yake ndi imodzimodzi ndi ya tizipangizo ta malaiti timene tikukamba pano. Wacinyamata amene makutu ake anakulira pa cimtali, pa citelele kapena pa ngoma ali kale ndi muyeso wabwino wa mau okoma. Ayenera kukhulupirira makutu amenewo koposa mau a wogulitsa.

KODI SAMPLER NCIANI?

Sampler ndi makina amene amatapa kacidutswa ka mau, monga kugunda kumodzi kwa ng'oma kapena kacigawo ka nyimbo, ndi kukasunga kuti kalire nthawi iri yonse pamene munthu wadina batani. Potapa mauwo, makina amawayesa kambiri-mbiri pa sekondi imodzi ndi kulemba muyeso uli wonse monga nambala. Pa CD mau amayesedwa nthawi 44,100 pa sekondi, ndipo muyeso uli wonse ungagwere pa limodzi la makwerero 65,536. Ndico cimene amati 16-bit.

Makina akale analibe mphamvu yotere. SP-1200, imene kampani ya E-mu ya ku America inatulutsa m'caka ca 1987, inali kuyesa nthawi 26,040 pa sekondi, pa makwerero 4,096 okha, ndiye 12-bit. Kusiyana kwake kuli ngati kwa wogula cimanga ndi sikelo ndi wogula ndi meda. Wa meda sangayese molongosoka, amangoti yadzala kapena siinadzale, ndipo kotsalako kamatayika. M'makina, kotayika kameneko kamamveka ngati kamcenga m'mau. Ndiponso makina sangasunge mau okwera kupitirira theka la nambala ya miyeso yake, cotero mau opyapyala a pamwamba amadulidwa, ndipo otsala amamveka onenepa.

SP-1200 inali kusunga masekondi 10 okha. Pofuna kulowetsamo zambiri, opanga nyimbo za hip-hop ku New York anali kuthamangitsa mbale ya liwiro la 33 pa liwiro la 45, ndipo mau akalowa anali kuwabweza pansi m'makinamo. Kubwezako kunali kuonjezera kukhakhala, ndipo cimene cinayamba monga njira yothawira bvuto cinasanduka mau amene anthu akuwafunafuna mpaka lero. Kampani ya Akai ya ku Japan inatulutsanso makina a 12-bit, monga S950 ndi MPC60 m'caka ca 1988.

Makina akale amenewa sitikulangiza munthu wa kumudzi kuwafuna. Ndi odula, ndi okalamba, ndipo akaonongeka zitsulo zake sizipezeka. Pamene SP-1200 inapangidwanso m'caka ca 2021, mtengo wake unali pafupi-fupi madola 4,000 a ku America. Koma pali ena ang'ono. Boss SP-303 ya m'caka ca 2001 ndi imene katswiri wina wochedwa Madlib anapita nayo ku Brazil m'caka ca 2002, ndipo ali m'cipinda ca hotela, ndi kagalamafoni kakang'ono ndi makina a kaseti, anakonza zina mwa nyimbo za mbale yochuka ya "Madvillainy" ya m'caka ca 2004. Mng'ono wake, Roland SP-404, anatuluka m'caka ca 2005, ndipo mtundu wake wochedwa MKII unatuluka m'caka ca 2021. SP-404 imatha kuyendera mabatire ang'ono 6, ndipo m'kati mwake muli kale zosinthira mau zambiri, kuphatikizapo yoyerekeza kuthetheka kwa mbale ya galamafoni. Palinso PO-33 ya ku Sweden ya m'caka ca 2018, yaing'ono ngati kakyuleta, yokhala ndi maikolofoni yake, yosunga masekondi 40 ndi kuyendera mabatire awiri.

COYAMBA: MAKINA A KASETI

Mwa zipangizo zonse zosinthira mau, cochipa ndi copindulitsa koposa ndi makina a kaseti. Kaseti inayambitsidwa ndi kampani ya Philips m'caka ca 1963, ndipo tepi yake imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Popeza tepiyo ndi yopyapyala ndipo imayenda pang'ono-pang'ono, imacita zinthu zinai nthawi imodzi. Imafewetsa mau akuthwa a pamwamba. Imaika kaphokoso kake kosalekeza pansi pa nyimbo. Imagwedeza mau pang'ono cifukwa liwiro lake silikhala lofanana ndendende. Ndipo mukakweza mau polowetsa kufikira singano kapena tinyali tikhudza pofiira, tepi imakhuta, ndi kupanikiza mauwo kuti akhale olemera.

Njira yake ndi yapafupi. Tulutsani nyimbo yanu m'kompyuta, m'foni kapena m'sampler ndi waya, muijambule pa kaseti, kenaka muibwezenso m'kompyuta. Yesani katatu, poyamba motsitsa, kaciwiri pakati, kacitatu mokweza, ndipo musankhe ndi makutu. Pogula makina a kaseti ogwirapo kale nchito, onetsetsani kuti ali ndi kabowo kolowetsera mau, kuti batani lojambulira likugwira, ndi kuti lamba wa m'kati sanatanuke. Lamba wotanuka amagwedeza mau mopitirira, koma wokonza mawailesi angathe kumusintha. Mutu umene tepi imakhudza uzipukutidwa ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi spiriti ya isopropyl. Amene angapeze mwai makina a kaseti a mizere inai ochedwa Portastudio, amene anayamba kutuluka m'caka ca 1979, wapeza kanyumba kojambuliramo kathunthu.

CACIWIRI: MIXER NDI FILTER

Filter ndi sefa ya mau. Monga mai amasefa ufa kusiya misere, cipangizo cimeneci cimalola mau ena kupita ndi kuchinga ena. Mukacotsa a pamwamba, nyimbo imamveka ngati ikulira m'nyumba ya mnansi kuseri kwa khoma. Mukacotsa a pansi, imamveka ngati ya m'kawailesi ka m'thumba. Opanga nyimbo amagwiritsa nchito sefa imeneyi pofuna kutsala ndi besi yokha ya m'nyimbo yakale, kuti aikepo ng'oma zao pamwamba.

Musafulumire kugula filter yapadera. Mixer yaing'ono, yonga imene imagwira nchito m'machalichi ndi pa maukwati, iri ndi zopotokola za mau a pamwamba, a pakati ndi a pansi, ndipo zimenezi zimacita gawo lalikulu la nchitoyo. Komanso mukakweza copotokola ca polowera mau, cochedwa gain, kupitirira pang'ono muyeso wake, mau amayamba kukhakhala okha. Ndiponso mixer ingathe kubwerekedwa pa zocitika za m'mudzi ndi kubweza ndalama imene inagulira.

CACITATU: FUZZ NDI OVERDRIVE

Ali yense adziwa m'mene kawailesi kamalirira mwana akakakweza mpaka pothera. Mau amaposa mphamvu ya makina, nsonga zake zimadulidwa, ndipo sipika imayamba kusasa. Fuzz ndi overdrive zimacita zimenezo mwadala. Overdrive imadula pang'ono, ndipo mau amangotentha ndi kunenepa. Fuzz imadula kwambiri, ndipo ndi imene imamveka m'gitala ya Paul Ngozi. Fuzz-Tone ya Maestro inayamba kugulitsidwa ku America m'caka ca 1962, ndipo Fuzz Face inatuluka ku England m'caka ca 1966.

M'kati mwa Fuzz Face muli matransistor awiri okha ndi tizipangizo tina towerengeka. Conco wokonza mawailesi waluso wa pa msika angathe kuimanga ngati apatsidwa cithunzi ca kalumikizidwe kake. Koma cenjerani: fuzz imakomera gitala, kalimba, banjo kapena mau a munthu mmodzi. Mukaiika pa nyimbo yonse, ng'oma ndi besi zimasanduka phala, ndipo mau a woimba samvekanso. Iri ngati tsabola m'ndiwo, wofunika kuthira ndi nsonga ya cala.

CACINAI: COMPRESSOR

Alimi a thonje adziwa kuti thumba limalowa zambiri ngati munthu alowamo ndi kupondaponda. Compressor imaponda mau okwera kuti afanane ndi otsika, ndipo pambuyo pake onse amakwezedwa pamodzi. Ng'oma zimamveka zonenepa ndi zapafupi. Mukaponda kwambiri, nyimbo imakhala ngati ikupuma: ng'oma yaikulu ikagunda zina zonse zimatsika, kenaka zimakweranso. Kupuma kumeneku ndiko kumene ambiri amakonda m'nyimbo zopangidwa ndi SP-303.

Kuipa kwake ndi kwakuti compressor imakwezanso zosafunika, monga kulira kwa nkhuku panja, phokoso la cigayo, ndi kung'ung'uza kwa waya woipa. Kwa woyamba, compressor yapadera ikhale yomalizira kugula, pakuti tepi imacita kale mbali ya nchito imeneyi, ndipo masampler ambiri a masiku ano ali nayo m'kati.

CACISANU: REVERB NDI DELAY

Munthu akapfuula pafupi ndi mapiri a Mphangwe ku Katete, mau ake amabwerera kwa iye patapita kanthawi. Kumeneko ndiko delay. Akaimba m'chalichi copanda anthu, mau amalilima ndi kuzirala pang'ono-pang'ono. Kumeneko ndiko reverb. M'ma amplifier akale a gitala munali kabokosi ka masipuling'i acitsulo, ndipo mau akadutsa m'menemo anali kutuluka ndi kulilima kwa citsulo. Roland RE-201 Space Echo ya m'caka ca 1974 inali kubwereza mau ndi tepi yozungulira, koma lero ndi yodula ndipo imafuna kusamaliridwa kosalekeza. Kadelay kopondera ndi phazi kochipa kangakwanire.

Palinso njira yosalira ndalama. Pemphani cilolezo ca kugwiritsa nchito kalasi ya sukulu pa Ciweru, kapena shedi ya simenti pamene zokolola zatha. Ikani sipika ku ngodya imodzi ndi maikolofoni ku ngodya ina, lizani nyimbo yanu ndi kuijambulanso. Kulilima kumene mudzapeza kudzakhala kwa nyumba imeneyo yokha, ndipo palibe wina ku America kapena ku Japan amene ali nako. Momwemonso, mukaliza mau kupyolera m'sipika ya kawailesi kakale ndi kuwajambula ndi maikolofoni, mwapeza filter ndi overdrive nthawi imodzi.

KALUMIKIZIDWE NDI DONGOSOLO LOGULIRA

Zipangizo zimenezi zimalumikizidwa motsatana, ndipo dongosolo lake liri ndi kanthu. Kawiri-kawiri ndi bwino kuyamba ndi sefa, kutsatira fuzz kapena overdrive, kenaka compressor, kenaka delay ndi reverb, ndi kumalizira pa kaseti. Reverb ikakhala patsogolo pa fuzz, kulilima konse kumakhakhala ndipo nyimbo imasokonekera. Lamulo lalikulu ndi ili: sungani nthawi zonse mau oyamba osasinthidwa. Mau oyera angathe kudetsedwa mawa, koma odetsedwa sangayeretsedwenso, monga mcere sucotsedwa m'ndiwo.

Musanagule citsulo ciri conse, yesani coyamba pa foni kapena pa kompyuta. Pali mapulogramu oyerekeza zipangizo zonsezi, ndipo ena, monga Audacity, ndi aulere. Mukatha miyezi ingapo mukuyesa, mudzadziwa mau amene mumawabwerera tsiku ndi tsiku, ndipo cipangizo ca mau amenewo ndico cokha coyenera ndalama yanu. Pogula, yambani ndi maikolofoni, mawaya abwino ndi zomvera za kumakutu. Tsatirani makina a kaseti, kenaka mixer yaing'ono, kenaka sampler yokhala ndi zosinthira mau m'kati. Zopondera ndi phazi zibwere pomalizira, cimodzi-cimodzi.

MALAITI, FUMBI NDI OGULITSA

Malaiti a m'Zambia ndi a mavolti 230. Makina opangidwira msika wa ku Japan amafuna 100, ndipo a ku America amafuna 120. Makina akale otere mukawalowetsa pa khoma popanda cotsitsira mphamvu, amapsya nthawi yomweyo. Werengani zolembedwa kumbuyo kwake musanalipire. Zopondera ndi phazi zambiri zimafuna mavolti 9, ndipo zambiri zimafuna adaptala imene pakati pa pulagi yake pali cizindikiro ca kucotsera. Adaptala ya wailesi kapena ya cipangizo cina ingathe kuziononga.

Cilala ca m'caka ca 2024 cinatsitsa madzi a m'damu la Kariba, ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Midzi yambiri ya ku Vubwi ndi ku Sinda imadalira sola. Pa cifukwa cimeneci makina oyendera mabatire ndi oyenera kuno kwathu. Ndiponso mabatire sabweretsa kung'ung'uza kumene mainverter ena ochipa amalowetsa m'mau. Dziwani kuti kung'ung'uza kwa malaiti sikuli m'gulu la mau akale okoma ai, ndi cilema cofunika kucicotsa. Nyengo ya mphezi zulani mapulagi onse. M'miyezi ya fumbi bvundikirani makina ndi nsaru, ndipo nthawi ya dzinja muwasunge pouma, kutali ndi pansi.

Kaya mukugula ku Chipata, ku Lusaka, kapena kutsidya kwa malire a Mwami ndi Chanida, pitani ndi zomvera zanu za kumakutu. Potokolani copotokola ciri conse, dinani batani liri lonse, ndipo mulandire lisiti. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene wangokuonetsani cithunzi. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

NYIMBO IRI NDI MWINI WAKE

Sampler imatapa mau a ali yense, koma lamulo silimalola zimenezo. M'caka ca 1994 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza eni nyimbo, la Copyright and Performance Rights Act, ndipo bungwe la ZAMCOPS limayang'anira za malipiro a oimba. Ku America, m'caka ca 1991, khoti linagamula kuti woimba Biz Markie analakwa potapa nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda cilolezo, ndipo kucokera pamenepo makampani akulu amapempha ndi kulipira asanatape. Wacinyamata amene afuna kuti nyimbo yake imveke pa wailesi kapena kugulitsidwa apemphe coyamba, ndipo cipangano cilembedwe pa pepala.

Njira yabwino koposa ndiyo kutapa mau a kwanu konkuno: musi pa mtondo, nkhwangwa pa mtengo, belu la njinga, kalimba ya amalume, nyimbo ya amai pa dimba. Komabe ngakhale apa pafunika ulemu. Agogo akakuimbirani, auzeni kumene mau ao adzapita, lembani dzina lao, mudzi ndi tsiku, ndipo phindu likabwera muwakumbukire. Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo m'maiko ano m'zaka za m'ma 1950 ndi kukhazikitsa International Library of African Music m'caka ca 1954, anali kulemba malo ndi maina a oimba, ndipo cifukwa ca ici nyimbozo zikudziwika kwao mpaka lero.

Caka ndi caka, kumapeto kwa August, Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, amaoneka pa bwalo. Koma si zonse zomveka ndi makutu zimene ziri zoyenera kulowa m'makina. Za kudambwe ndi za m'tsimba la cinamwali ziri ndi eni ake. Funsani mafumu, manyakwawa ndi anamkungwi musanatsegule maikolofoni, ndipo akakana, kanizo lao likhale lomaliza.

MAU KWA MAKOLO

Inu atate ndi amai, mwana akabwera kudzapempha ndalama ya makina oimbira, musamuthamangitse, komanso musafulumire kumasula cikwama. Mufunseni kuti akulizireni nyimbo zimene wapanga kale ndi zimene ali nazo. Mufunseni nchito yeni-yeni ya cipangizo cimene akufuna, ndi mphamvu ya malaiti imene cimafuna. Mufunseni ngati angaphatikize ndalama ndi anzake atatu kapena anai, kuti agule mixer imodzi ndi sampler imodzi ndi kumasinthana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Woyankha bwino mafunso amenewa ndi woyenera kumuthandiza, koma feteleza ndi mbeu zikhale zitagulidwa kale.

Potsiriza, yang'anani m'masutukesi ndi m'makatoni anu. M'nyumba zambiri muli makaseti a makwaya a m'chalichi, a maukwati, a magule a m'mudzi, ngakhale a mau a makolo amene anatisiya. Musalole ana kusolola tepi yake kukaingitsira mbalame kumunda. Thyolani timphuno tiwiri ta pamwamba pa kaseti iri yonse yofunika kuti wina asajambulepo zina, isungeni kutali ndi dzuwa ndi masipika, ndipo mupemphe wacinyamata wa pa mudzi kuti aikope m'kompyuta tepiyo isanaonongeke. Akatero adzakhala ataphunzira nchito ya makina ake, ndipo banja lidzakhala litasunga mau a anthu ake.